Kamwendo sanadwalepo, koma matenda a m'khola amasunga ndi iyeyo

Nkhunzi ya amalume

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 khola la amalume anga kumunsi kwa Ngabu linatsala lopepuka. Za madziwo sindinena, aliyense wa kuno ali ndi nkhani yakeyake. Ng'ombe zina zinapita ndi madzi, nkhunzi nayo inapita, kunatsala zazikazi zingapo, matole, ndi ziwiri zapangolo. Amalume ndi munthu woti chilichonse chimachokera m'khola, fizi ya ana momwemo, malowolo a anyamata momwemo, maliro akagwa momwemonso, ndiye khola lopanda nkhunzi silinkawagonetsa tulo. Chaka chotsatira atagulitsa chitowe ndi thonje anawonjezera ya mbuzi n'kukagula nkhunzi ku famu ina yakumtunda, kupitirira Thabwa uko kozizira.

Abale inu inali nkhunzi. Yonenepa, khungu see, khutu lili ndi nambala, ndipo nkhupakupa olo imodzi pathupi panalibe. Wogulitsayo anachita kunyadira kuti kwawo amapopera sabata iliyonse osaphonya, ng'ombe zawo sizidziwa n'komwe kuti nkhupakupa imaoneka bwanji. Amalume atamva zimenezo anati basi apa ndagula chinthu. Tsiku lomwe inafika anatulutsa botolo la mankhwala a njoka zam'mimba n'kubaya khola lonse kuti zonse ziyambire pamodzi, kuyambira Kamwendo, thadzi lakale lija lotsimphina lomwe labereka theka la kholalo, kumalizira mlendoyo.

Patatha mwezi ndi masiku, nkhunzi ija inayamba kutsalira m'mbuyo popita kudambo. Kenako kusiya kudya, kupuma mwawefuwefu ngakhale ili pamthunzi, ndowe zouma gwaa zokutidwa ndi tizinthu tonanda, ndipo tsiku lina inathamangitsa mbusa, ng'ombe yoti inali yofatsa. Anaibaya oxytetracycline wogula pa sitolo koma inali itapita kale patali. Inagwa m'mawa wina pakhomo pa khola osadzukanso.

Zina zonse zija, zoonda, za nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira, zinali gwa kumadya udzu ngati palibe chachitika.

Tsiku loitumbula

Ine ndinafika mkangano utayaka kale. Amalume akuti wogulitsa uja anawapatsira ng'ombe yodwala, azakhali akuti ayi pali munthu, ndipo dzina la munthuyo analitchula, mnansi wina amene anakanganapo naye za malire a dimba. Anyamata mipeni ili kale m'manja. Chomwe chinathandiza n'chakuti msuweni wanga anali ataimbira alangizi a ziweto, mayi wachitsikana ndithu, amene anafika pa njinga yamoto fumbi lili mbuu.

Sanalole kuti aitumbule msanga. Anayamba afunsa kuti yadwala masiku angati, anayang'ana kumphuno ndi kumbuyo ngati kwatuluka magazi akuda, akuti ng'ombe ikangofa mwadzidzidzi osadwala simuitumbula chifukwa ikhoza kukhala anthrax, yomwe inapha mvuu zambiri mu Shire ku Liwonde mu 2018 ija. Atakhutira ndi pomwe anati tumbulani.

Ndakhala ndikuona ng'ombe zikusendedwa kuyambira ndili mwana koma zoterezi ndinali ndisanazione. Mafuta onse achikasu. M'maso mwachikasu, nkhama zoyera mbee. Magazi ake osagwirana bwino, opyapyala, otuwa. Kapamba atatupa kuposa mmene amakhalira, chiwindi chofufuma cha mtundu wonga wa lalanje, ndipo ndulu itadzaza tho, ataiboola munatuluka zolimba zobiriwira modera. Mayi aja anatsegulanso chikhodzodzo, mkodzo unali wachikasu basi, wopanda magazi.

"Bambo, mwaona mkodzowu?" anatero. "Ukanakhala wofiira tikanati ndi matenda ena aja a nkhupakupa okodzetsa magazi. Apa ndi ndulu. Anaplasmosis."

Amalume anati ndiye ndi zomwe ndikunenazo adokotala, munthu uja wandigulitsa matenda.

"Yakhala kuno nthawi yaitali bwanji?"

Anawerenga ndi zala, mwezi ndi sabata ndi kanthu.

"Ndiye yawapeza konkuno. Matendawa amatenga pafupifupi mwezi kuti aonekere. Singano yomwe munabayira ili kuti?"

Anakaitenga, inali m'kachitini pa denga la khola. Imodzi yomweyo ya khola lonse, ndipo palibe amene anaona chachilendo chifukwa kuno ndi mmene timachitira, singano ikabuntha ndi pomwe imasinthidwa. Mayi aja anaiyang'ana n'kuloza Kamwendo amene anali poteropo akubzikula.

"Mayi awo ali nawo. Ndi zinzake zonsezo, mwina khola lonse. Zinawatenga zili matole, sizinadwale kwenikweni, koma kachilomboko sikanachoke ndipo sikadzachoka mpaka kufa. Yanu yatsopanoyi inakula osalumidwapo, ndiye yakumana nako itakula kale. Kaya kadzera pa singano iyi, kaya nkhupakupa zoyamba zomwe zinaikwera kudambo, kaya ntchentche zoluma zija, njira zonse zikuchokera m'magazi a ng'ombe za konkuno."

Panali zii. Amalume anayang'ana Kamwendo nthawi yaitali, kenako anangoti, "Uyu sanadwalepo chibadwire." Mayi aja anati eya, n'chifukwa chake. Azakhali analowa m'nyumba osanenanso za mnansi uja. Nyama alangizi aja analamula kuti ikwiriridwe chifukwa cha mankhwala omwe inabayidwa dzana lake, apa ndiye anyamata anadandaula kuposa mwini ng'ombe.

Zomwe ndimaphunzitsa ana sizinkagwirizana nazo

Ine ndimaphunzitsa biology ku sekondale ina yoyendera konkuno, ndipo chaka chilichonse ndimaima kutsogolo kwa ana a Fomu 3 ndi 4 n'kuwauza kuti kachilombo kakalowa m'thupi, thupi limapanga ma antibodi ogwirizana ndendende ndi kunja kwa kachilomboko, amakagwira, kamaphedwa, ndipo thupi limakumbukira. N'chifukwa chake chikuku sumadwala kawiri. Ana amalemba, amakhoza, nkhani yatha.

Ndiye mawu aja oti sikadzachoka mpaka kufa anandikhala pamtima. Ng'ombe yathanzi, yobereka chaka ndi chaka, chitetezo chake chikugwira ntchito, ingasunge bwanji bakiteriya m'magazi zaka khumi osamumaliza? M'magazi, osati kobisika kwinakwake, m'magazi momwe muli ma antibodi ambirimbirimo. Ndinawafunsa mayi aja akukwera njinga yawo, anati ku koleji anawauza kuti kamasintha kunja kwake, kenako anayatsa njinga poti kunali khola lina lowadikira ku Miseu Folo. Zotsalazo ndinachita kuzisaka ndekha pa foni usiku, mabandulo kuthera pamenepo.

Kachilomboko dzina lake Anaplasma marginale. Anakafotokoza koyamba ndi Arnold Theiler ku South Africa mu 1910, ataona pa maikulosikopu timadontho tokhala m'mphepete mwa maselo ofiira a magazi a ng'ombe zodwala. Sikaphulitsa maselowo ayi, koma kapamba akaona selo lomwe lili ndi kachilombo amalichotsa n'kuliphwanya, nthawi zina kuchotsa ndi abwino omwe, ndiye ng'ombe imatha magazi mkati mwake popanda bala lililonse. Chikasu chija ndi zotsalira za maselo ophwanyidwawo, ndulu kudzaza chimodzimodzi, ndipo ukali uja wothamangitsa mbusa ndi ubongo ukusowa mpweya. Thole losakwana chaka limangofunda thupi pang'ono n'kupitiriza moyo. Ng'ombe yopitirira zaka ziwiri kapena zitatu ikakumana nako koyamba ndi yomwe imagwa.

Telala ndi thumba la zigamba

Apa ndi pomwe panandigwira ine.

Kunja kwa kachilomboka kwakutidwa ndi mapuloteni, ndipo imodzi yomwe yachuluka kwambiri amaitcha MSP2. Ma antibodi a ng'ombe amalunjika kwambiri pa imeneyi. Puloteni iliyonse malangizo ake opangira amakhala mu DNA, ndiye mu 2005 akatswiri a ku Washington State University ku America, gulu la Kelly Brayton ndi Guy Palmer, anawerenga DNA yonse ya kachilomboka. Ndi yaifupi, zilembo pafupifupi 1.2 miliyoni, pomwe E. coli yemwe ali m'matumbo mwathu ali ndi zoposa 4 miliyoni. Munthu ungaganize kuti kachilombo kotha kuzemba chitetezo moyo wonse wa ng'ombe kali ndi majini a MSP2 mazanamazana (jini ndi chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo a puloteni imodzi). Ayi. Malo owerengedwa, omwe puloteniyo imapangidwira, ndi amodzi okha. Kwina mu DNA momwemo muli timakope tosakwanira tosafika ngakhale khumi, todukaduka, topanda poyambira, moti patokha sitingapange kanthu.

Mukamudziwa telala wa pakhonde amene ali ndi patani imodzi ya malaya ndi thumba la zigamba pansi pa makina, mwamvetsa kale theka la nkhaniyi. Kolala ndi mikono sasintha, koma chapakati amasoka ndi chigamba chomwe watola. Ndi mmene jini ya MSP2 ilili, kumayambiriro ndi kumapeto sikusintha chifukwa ndi komwe kumagwirizira puloteni pa khungu la kachilombo, koma chigawo chapakati, chomwe chimasuzumira kunja n'kuonedwa ndi ma antibodi, ndi chomwe chimasinthidwa. Kachilombo kamakopera kachidutswa kuchokera ku kakope kogona kaja n'kukaika pamalo owerengedwa, kufufuta zomwe zinalipo. Kusiyana kwake ndi telala n'koti chigambacho sichitha, chimangokoperedwa, choyambirira chimatsala momwemo kudikira tsiku lina.

Ndiye matenda akangoyamba kamakonda kukopera chigawo chonse chapakati kuchokera ku kope limodzi. Makopewo poti ndi ochepa, ng'ombe imawadziwa onse pasanapite nthawi. Zikatero zomwe zimapulumuka ndi zosakaniza, kachidutswa aka ka kope loyamba, kotsatira ka lachinayi, kumapeto ka lachiwiri, ndipo mukawerengetsa kasakanizidwe kotere kuchokera ku makope ochepawo mumapeza mitundu masauzande. Palinso puloteni ina, MSP3, yomwe ikuchita zomwezo payokha nthawi yomweyo.

Chinthu chimodzi chomwe ndimalimbana nacho ndi ana m'kalasi, ndipo akuluakulu omwe amachiphonya, n'choti kachilomboka sikaganiza. Sikaona ma antibodi akubwera n'kunena kuti ndisinthe. Kusinthaku kumangochitika mwa apo ndi apo nthawi zonse pamene tizilomboto tikugawikana, kaya pali ngozi kaya palibe. Pa tizilombo mamiliyoni tomwe tili m'magazi, tochepa timakhala titasintha kale. Ma antibodi akabwera amasesa tonse tofanana ndi tomwe akutidziwa, totsala tija tosiyana timapeza malo n'kuchulukana, thupi limatenga sabata kapena awiri kupanga ma antibodi atsopano, kusesanso, ndipo pofika pamenepo ena asintha kale. Akayeza magazi a ng'ombe yonyamula amapeza chiwerengero chikukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, pakapita masabata angapo aliwonse, ndipo funde lililonse ndi la mtundu watsopano.

Ndiye sikuti thupi la Kamwendo ndi lofooka kapena loiwala. Likukumbukira mtundu uliwonse womwe linakumanapo nawo, ndipo n'chifukwa chake tizilomboto sitikweranso kufika pomudwalitsa. Ng'ombe yomwe ikudwala koyamba imatha kukhala ndi maselo odwala biliyoni kapena kuposa mu mililita imodzi ya magazi, pomwe mwa yonyamula ngakhale pa funde lokwera amakhala mamiliyoni chabe, ochepa moti pa maikulosikopu suwaona n'komwe. Ochepa kwa iye. Kwa nkhupakupa yomwe yayamwa, kapena kadontho kotsalira m'singano, ndi okwana.

Zomwe zinasintha m'khola, ndi zomwe sitinagwirizane

Za singano zinasintha tsiku lomwelo. Pano amalume amagula zingapo, ndipo zikachepa amaziwiritsa m'kapoto pakati pa ng'ombe ndi ng'ombe, chimodzimodzi mpeni wofulira ndi chodulira nyanga. Anansi ena anatengera, ena akuti n'zotaya nthawi.

Pomwe tinasiyana ndi pa kupopera. Iwo atamva kuti nkhupakupa ndi zomwe zimanyamula, anafuna kuchita ngati a ku famu aja, sabata iliyonse, matole omwe, mpaka nkhupakupa itasowa. Ine ndinawauza kuti amalume, chomwe chinapha nkhunzi yanu ndi ukhondo womwewo. Thole likalumidwa lili laling'ono, likadali ndi chitetezo cha mkaka woyamba wa mayi ake komanso msinkhu ukuliteteza, limatenga kachilombo mosavutika n'kukhala lotetezeka moyo wonse. Mukalitchinga kotheratu ndiye kuti mwalonjeza kulitchinga mpaka kalekale, ndipo kuno ndani angalonjeze zimenezo? Madibi a boma ambiri anasiya kugwira ntchito kalekale, mankhwala opopera mtengo wake ukukwera mwezi ndi mwezi, madzi akasefukira ng'ombe za midzi isanu zimakathithikana pa chitunda chimodzi, ndipo chilimwe zonse zimakumana kudambo. Mwezi umodzi wopanda ndalama ndi wokwana kuti khola lonse la ng'ombe zazikulu zosalumidwapo likumane ndi zomwe inakumana nazo nkhunzi ija.

Sindikunena kuti nkhupakupa zisiyidwe. Zikachuluka zimayamwa magazi, zimaononga mabere ndi zikopa, zimabweretsanso matenda ena. Kupopera kuzikhalapo kuti zichepe, makamaka nthawi ya mvula. Koma maganizo oti ng'ombe yabwino ndi yomwe sinaonepo nkhupakupa, kwa ife a kuchigwa kuno, ine ndimawakana. Amalume anandiyankha kuti iwe mphwanga za m'mabuku zakuchulukira, ng'ombe ndi zanga. Amapopera kawiri pa mwezi, matole amawasiyako nthawi zina azakhali akawakumbutsa, poti iwo ndiye anamva msanga.

Chinanso, anafuna kubaya khola lonse oxytetracycline kuti atsuke magazi. Jakisoni mmodzi kapena awiri amathandiza ng'ombe yodwala ngati mwaipeza msanga, koma sachotsa kachilombo mwa yonyamula. Ndipo mutakwanitsa kukachotsa, nkhupakupa za kudambo zikudikira. Apa anandimvera, mwina chifukwa cha mtengo wa botolo.

Si ng'ombe zokha

Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti mabakiteriya ambiri amachita zoterezi, aliyense mwa njira yake, ndipo ena ndi oti timakhala nawo.

Agogo anga ankakonda kunena za nkhufi, zija zimabisala m'ming'alu ya zipupa zadothi ndi pansi pa mphasa, kutuluka usiku kuyamwa kanthawi kochepa n'kubwerera. Zimenezi zimanyamula bakiteriya wopotana wotchedwa Borrelia duttonii. Munthu amatentha thupi koopsa masiku atatu kapena kuposerapo, kenako thukuta, kuchira, sabata yathunthu ali bwino mpaka kupita kumunda, kenako kugwanso, ndipo zimatha kubwereza kangapo. David Livingstone analembapo mu 1857 za kulumidwa ndi tizilomboti ku Angola komanso kuti ku Tete anthu ankadziwa za malungo ake, Tete wathu yemweyu wa kuseri kwa malire. Joseph Dutton ndi John Todd ndi omwe anasonyeza ku Congo kuti nkhufi ndi zomwe zimafalitsa, ndipo Dutton anadwala matendawo n'kumwalira ku Kasongo mu 1905, n'chifukwa chake kachilomboko kali ndi dzina lake. Kubwerezabwereza kuja ndi nkhani yomwe ija. Mwa mbale wake wa ku America, Borrelia hermsii, yemwe Alan Barbour ndi anzake anamufufuza kwambiri, muli majini ogona pafupifupi 60 a puloteni yakunja ndi malo amodzi owerengedwa, ndipo kutentha thupi kulikonse kwatsopano ndi gulu lomwe lakopera jini ina. Kusiyana kwake ndi Anaplasma n'koti Borrelia amachuluka mokwana kudwalitsa ulendo uliwonse.

Chomwe chimandidetsa nkhawa pa iyiyi n'choti imafanana kwambiri ndi malungo, kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi. Koyezera malungo kachangu kaja kobaya pa chala sikaona Borrelia, kamangofuna malungo basi, ndipo LA samupha. Amaoneka pa maikulosikopu magazi akatengedwa nthawi yomwe thupi latentha, ndipo mankhwala ake ndi ma antibayotiki wamba monga doxycycline kapena penicillin. Ku Tanzania, chigawo cha Dodoma, matendawa ndi odziwika bwino ndipo amavuta kwambiri ana ndi amayi oyembekezera. Munthu amene akugona m'nyumba ya nkhufi, akutentha thupi mobwerezabwereza koma malungo sakupezeka, ndi bwino kuwauza adokotala za nkhufizo osachita nazo manyazi.

Kenako chinzonono. Anyamata pa bawo amaseka kuti uje chamugwiranso, ngati kuti thupi lake ndi lopusa. Bakiteriya wake, Neisseria gonorrhoeae, ali ndi timaubweya tomwe amagwirira m'njira ya mkodzo, ndipo jini yopanga timaubweyato, pilE, imalandira tizidutswa kuchokera ku makope ogona otchedwa pilS, omwe mwa mtundu wina womwe unawerengedwa bwino alipo 19. Palinso mapuloteni ena otchedwa Opa, majini ake pafupifupi 11, omwe amayaka ndi kuzima mwa njira ina. Mu jini iliyonse muli zilembo zisanu, CTCTT, zobwerezedwa kambirimbiri motsatizana, ndiye pokopera DNA makina amaterereka n'kuwonjezera kapena kuchotsa kamodzi, kawerengedwe konse n'kusokonekera, puloteni osapangidwa, mpaka tsiku lina ataterereka mobwezera. N'chifukwa chake munthu akhoza kudwala chinzonono, kuchira ndi mankhwala, n'kuchitenganso mwezi wotsatira kwa munthu yemweyo ngati winayo sanalandire chithandizo. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 82 miliyoni anatenga matendawa.

Salmonella, bakiteriya wotsegula m'mimba uja, nkhani yake ndi yosavuta kumva. Ali ndi michira yosambirira, ndipo mitundu yambiri ili ndi majini awiri a puloteni yomangira mchirawo, fliC ndi fljB. Frederick Andrewes anaona mu 1922 kuti gulu limodzi la Salmonella limaoneka pawiri, koma chifukwa chake chinadziwika m'ma 1970 mu labu ya Melvin Simon ku California. Pali kachidutswa ka DNA ka zilembo pafupifupi 1,000 komwe puloteni yotchedwa Hin imakadula n'kukatembenuza. Kakayang'ana uku mchira ndi wa fljB ndipo fliC amatsekedwa, kakatembenuka fliC amatseguka. Ziwiri zokha, palibe kusakaniza. Salmonella Typhimurium, yemwe mtundu wake wa ST313 wakhala ukupezeka m'magazi a ana odwala malungo ndi akuluakulu omwe ali ndi HIV ku Queens ku Blantyre, ndi wa gulu lotembenuza limeneli.

Wina anena kuti nanga kaodzera wa ku Nkhotakota ndi Rumphi uja, wa kashembe? Eya naye amakopera majini ogona, ndipo iye ndiye ali nawo oposa 1,000, kungoti si bakiteriya. Malungo nawo amasintha puloteni yomwe amaika pa maselo ofiira, majini ake pafupifupi 60, koma iwo kwenikweni amayatsa imodzi n'kuzimitsa zinazo popanda kusuntha DNA. Ndazitchula kuti ana anga a Fomu 4 omwe amawerenga blog ino asakazisakanize pa mayeso.

Nanga katemera?

Funso lomwe amalume anandifunsa pambuyo pake ndi lomwe aliyense amafunsa, kuti azungu odziwa zonsezi mpaka kuwerenga zilembo, bwanji osangopanga katemera?

Katemera amaonetsa thupi kunja kwa kachilombo kasanafike. Wa chikuku wakhala akugwira ntchito kuyambira m'ma 1960 chifukwa mbali yomwe ma antibodi amagwira pa kachilombo ka chikuku siisintha kwenikweni. Wa typhoid yemwe anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 ku Ndirande ndi Zingwangwa, n'kuyamba kuperekedwa dziko lonse mu 2023, amalunjika pa shuga wina wokuta Salmonella Typhi wotchedwa Vi, osati pa mchira. Koma ukapanga katemera wa MSP2 kapena wa timaubweya ta chinzonono, waphunzitsa thupi mtundu umodzi mwa masauzande. Anayesapo katemera wa timaubweyato kalekale pa asilikali a America ndipo sanateteze. Ofufuza pano amasaka mapuloteni ena osasintha, omwe nthawi zambiri amakhala ochepa komanso obisika pansi pa osinthawo, moti thupi palokha siliwalabadira.

Pa chinzonono mwayi unabwera mwangozi. Ku New Zealand anaona kuti achinyamata omwe analandira katemera wa meningitis B ankatenga chinzonono mocheperako, ndi pafupifupi 31 pa 100 alionse, chifukwa mabakiteriya awiriwa ndi pachibale ndipo ali ndi mapuloteni ena ofanana. England inayamba kupereka katemera wa mtundu umenewu mu Ogasiti 2025 kwa omwe ali pachiopsezo chachikulu. Ndi chitetezo chochepa, komabe n'choyamba.

Pa ndulu ya ng'ombe, njira yomwe ikugwirabe ntchito ndi ya Theiler yemwe uja. Mu 1911 anapeza mbale wake wofatsa, Anaplasma centrale, yemwe amakhala chapakati pa selo ndipo sadwalitsa kwambiri. Amabaya thole magazi okhala ndi wofatsayu, limamunyamula moyo wonse, ndipo likadzakumana ndi woopsa uja limatenga ndithu koma silidwala mofika pakufa. Ku South Africa, Australia, Israel ndi maiko ena a ku South America akhala akugwiritsa ntchito njira imeneyi zaka zambirimbiri. Vuto lake n'loti katemerayu ndi magazi amoyo, amayenera kusungidwa owuma ndi chisanu kapena ozizira kuchokera komwe apangidwa mpaka pa khola, ndipo akasungunuka abayidwe msanga. Aliyense amene anayendapo pa njinga yamoto kuchoka pa Ngabu kupita kumidzi ya kudambo mu Okutobala, magetsi atazima kuyambira dzulo, akudziwa kuti zimenezo n'zovuta bwanji. Pakadali pano amene akufuna kugula ng'ombe yakumtunda angachite bwino kugula thole osati nkhunzi yokhwima, kufunsa ngati kwawoko inkalumidwako, ndipo miyezi iwiri yoyamba aziitsegula kukamwa ndi m'maso m'mawa uliwonse kuona ngati nkhama zayamba kuyera, nambala ya alangizi ili pafupi.